Jenereta ya m'boti: kuisankha ndi kuimanga popanda kuika moyo pachiswe

Jenereta ya m'boti ndi injini yaing'ono yolumikizidwa ku makina opukusa magetsi. Imamangidwa mkati mwa boti kuti anthu akhale ndi magetsi onga a m'nyumba pamene ali kutali ndi gombe. Imapezeka kwambiri m'maboti osangalaliramo, aja okhala ndi zipinda zogona, khitchini ndi bafa, amene mabanja kapena alendo amakhalamo masiku angapo ali pamadzi. Pa nyanja ya Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, maboti onga nyumba zoyandama ndi ambiri, ndipo pa nyanja ya Malawi maboti a alendo amaoneka cha ku Mangochi, Monkey Bay ndi Cape Maclear. Ntchito ya jenereta m'boti siisiyana ndi ya pakhomo. Chosiyana ndi malo. Pakhomo jenereta imakhala pabwalo, utsi umapita ndi mphepo, mafuta akatayika amalowa m'dothi. M'boti zonsezi zimatsalira m'chinthu chotsekeka chimene anthu akugonamo, ndipo pansi pake pali madzi amene akungofuna pobowoka kuti alowe.

Asanatulutse ndalama, mwini boti ayenera kuona ngati jenereta ikufunikadi. Injini yoyendetsa boti imatchaja kale mabatire ikamalira. Mapanelo a sola awiri kapena atatu, mabatire abwino ndi inverter amakwanitsa mababu a LED, wailesi, mafoni, kompyuta ndi kafiriji kakang'ono, popanda phokoso ndi utsi. Kumene dzuwa limawala pafupifupi chaka chonse, njira imeneyi imakwanira maboti ambiri. Jenereta imayamba kufunika pakabwera zipangizo zadyera pa magetsi: makina oziziritsa m'zipinda, mbaula ya magetsi, giza yotenthetsa madzi osamba ndi firiji yaikulu yosungiramo nsomba ndi nyama za ulendo wa sabata yathunthu.

Kukula kwa jenereta kumapezeka ndi cholembera ndi pepala. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani kosonyeza ma watt amene chimadya. Mwachitsanzo, makina oziziritsa m'chipinda atha kudya ma watt 1,500, ketulo 2,000, tchaja ya mabatire 600, firiji 150, wailesi yakanema ndi mababu 200. Zonse pamodzi ndi ma watt 4,450. Koma masamuwo sathera pomwepo. Chipangizo chokhala ndi mota, monga firiji kapena makina oziziritsa, chimakoka magetsi ochuluka katatu kapena kuposa pamenepo m'kamphindi koyamba pamene chikudzuka. Jenereta yopanda malo opumira imagwada nthawi imeneyo: mababu amachita chizimezime, injini imabuula, breaker n'kugwa. Komanso si zonse zimayaka nthawi imodzi, ndipo banja logwirizana kuti ketulo isayatsidwe pamene giza ikutenthetsa madzi litha kugula makina ocheperako. Pa boti la chitsanzochi, jenereta ya ma kilowatt 5 kapena 6 ndi yokwanira. Wogula achenjere ndi manambala a ogulitsa, chifukwa ena amalemba kVA m'malo mwa kW, ndipo pa makina ambiri 5 kVA imangopereka ma kilowatt 4.

Ambiri amaganiza kuti kugula yaikulu kwambiri n'kudzitchinjiriza. Pa injini ya dizilo kumeneko n'kulakwitsa. Injini yotere imafuna katundu. Ikamalira maola ambiri itangonyamula mababu ndi tchaja ya foni, siitentha mokwanira, mafuta sapsa onse, mwaye umamatirira m'kati, ndipo m'masilinda mumasalala mpaka injini imayamba kudya oyilo ndi kufuka utsi. Jenereta imakhala bwino ikamanyamula pakati pa theka ndi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake. Pamwamba pa apo pamangofunika kusiya kampata pang'ono ka kutentha ndi kukwera kwa malo. Nyanja ya Malawi ndi ya Kariba zili pamalo okwera mamita pafupifupi 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo m'chipinda cha injini m'mwezi wa Okutobala mumatentha koopsa. Zonse ziwiri zimadula pang'ono mphamvu yolembedwa pa chikwangwani.

Mtundu wa magetsi nawo ndi wofunika kuuona, makamaka pa maboti ndi makina ogulidwa kunja atagwirapo kale ntchito. Ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain magetsi a m'nyumba ndi ma volt 230 pa 50 Hz, pamene ku America ndi ma volt 120 pa 60 Hz. Jenereta ya ku America siigwirizana ndi ketulo yogulidwa mu Limbe. Nambala ya Hz imachokera ku liwiro la injini. Pa 50 Hz pali majenereta ozungulira maulendo 1,500 pa mphindi ndi ena ozungulira 3,000. Oyambawo ndi olemera, odula, olira motsitsa ndiponso okhalitsa, oyenera boti limene jenereta imachezera usiku wonse. Achiwiriwo ndi opepuka ndi otsika mtengo, abwino pa boti laling'ono limene limangofuna magetsi maola ochepa pa tsiku. Palinso amakono amene amakweza ndi kutsitsa liwiro motsatira katundu amene alipo. Mayina odziwika pa majenereta a m'madzi ndi monga Cummins Onan, Kohler, Westerbeke, Northern Lights ndi Fischer Panda. Koma kwa munthu amene boti lake lili ku Nkhata Bay kapena ku Likoma, dzina lokongola limachepa mphamvu poyerekeza ndi funso lakuti fyuluta, lamba ndi impeller (kagudumu ka labala ka m'pampu ya madzi) zake zipezeka kuti zikadzatha. Ambiri mwa majenereta ang'onoang'ono a dizilo ali ndi injini ya Kubota mkati, ndipo zimenezi zimapeputsa ntchito yosaka zipangizo.

Pa nkhani ya mafuta, lamulo la amisiri ndi lakuti jenereta imwe zomwe injini yaikulu ikumwa, kuti m'boti musakhale matanki a mitundu iwiri. Pamene pali danga losankha, dizilo ndiye wabwino. Dizilo satulutsa nthunzi yoyaka pokhapokha atatentha kupitirira madigiri 50, pamene petulo amaitulutsa ngakhale kutazizira kuposa m'firiji. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Siikwera kumwamba ayi, imatsetsereka n'kukadikha pansi penipeni pa boti, pamene pamasonkhana timadzi todontha, n'kumadikira kamoto kamodzi kothetheka. N'chifukwa chake chipangizo chilichonse cha magetsi chokhala m'chipinda cha injini ya petulo chiyenera kukhala chopangidwa kuti chisathethetse moto panja, motsatira muyezo wa ISO 8846, ndipo fani yotulutsa nthunzi iyenera kuzungulira mphindi zosachepera zinayi injini isanalizidwe. Ku Malawi kuli chinanso: petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982. Ethanol amayamwa chinyontho ndiponso amadya mapaipi a labala amene sanapangidwire mafuta otere, choncho mapaipi onse a petulo ayenera kukhala ovomerezeka pa mafuta osakaniza.

Apa ndi pamene pamabwera chiyeso chachikulu. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi a ESCOM, kajenereta konyamula pamanja n'kodziwika pakhomo ndi pagolosale paliponse. Mtengo wake ndi wochepa kutalitali poyerekeza ndi jenereta ya m'madzi, ndipo mwini boti amaona ngati ndi nzeru kungokanyamula n'kukaika m'boti. Kajenereta kameneka kanapangidwira pabwalo. Kamazizira ndi mphepo, thanki yake imapuma nthunzi ya petulo panja, mawaya ake amathetheka, ekizozi yake imatentha mpaka kupsereza chilichonse choyandikira, ndipo utsi wake ulibe njira yotulukira kunja kwa boti. Kukamangirira m'chipinda cha injini kapena m'kabokosi kotsekeka n'kupha anthu, ndipo zimenezi zinachitikapo.

Pa 1 Epulo 2013, pa nyanja ya Windermere ku England, mayi wina ndi mwana wake wamkazi wa zaka 10 anamwalira ali mtulo m'boti lotchedwa Arniston. Kunali kozizira, ndipo mwini boti analiza jenereta kuti ayatse kambaula ka magetsi kotenthetsa m'chipinda chogona. Jeneretayo inali ya petulo yonyamula pamanja, imene iye anaiika m'chipinda cha injini n'kuipangira yekha ekizozi yotulutsira utsi panja, ya mapaipi a kopa olumikiza ndi mtovu wowotcherera. Jenereta italemedwa ndi katundu, ekizozi inatentha, mtovu uja unafewa, mapaipi n'kulekana. Utsi unadzaza m'chipinda cha injini n'kulowa m'chipinda chogona kudzera m'timipata ta khoma lolekanitsa zipindazo. Bungwe la boma lofufuza ngozi za pamadzi ku Britain, la Marine Accident Investigation Branch, linapeza kuti ma alamu ochenjeza za mpweya wakupha analimo m'botimo koma sanalire chifukwa sanali olumikizidwa ku magetsi. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini botiyo sanali mbuli pa za mapaipi: anali mmisiri wa zipangizo za gasi. Iye anapulumuka, ndipo mu 2015 khoti linamupeza wolakwa pa imfa ziwirizo. Luso la pamtunda silinamuthandize pa ntchito ya m'boti.

Chimene chinapha awiriwo ndi carbon monoxide, mpweya umene umatuluka mafuta, makala kapena nkhuni zikamapsa mopereweza. Ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, motero magazi amayenda koma osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Zizindikiro zake ndi zonyenga: mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo. Pamadzi munthu amangoti ndi mafunde, kapena dzuwa, kapena mowa wadzulo, ndipo kuno kwathu ganizo loyamba limathamangira ku malungo. Wodwalayo amapita kukagona m'chipinda momwe muli poizoniyo. Injini ya petulo imatulutsa mpweyawu wochuluka kwambiri kuposa ya dizilo, koma ya dizilo nayo siili yosalakwa, makamaka ikakhala yosasamalidwa kapena ikamasowa mpweya.

Ngakhale jenereta yeniyeni ya m'madzi, yomangidwa ku fakitale, itha kupha ngati utsi wake ukutulukira pamalo polakwika. Izi zinaonekera pa nyanja ya Lake Powell, m'malire a Arizona ndi Utah ku America, kumene kuli maboti ambiri onga nyumba. Mu Ogasiti 2000 anyamata awiri apachibale anamwalira akusambira kumbuyo kwa boti la mtundu umenewu jenereta ikulira. Bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, la NIOSH, litafufuza linapeza kuti pakati pa 1990 ndi 2000 anthu 111 anadwala kapena kufa ndi mpweyawu pa nyanja imeneyo, ndipo 74 mwa iwo anali pa maboti onga nyumba. Vuto linali kapangidwe. Ekizozi ya jenereta inkatulukira kunsi kwa kansanja ka kumbuyo kotsikirapo m'madzi, pamene pali mphako pakati pa madzi ndi matabwa, ndipo ana amakonda kulowa pamalo otere posewera. NIOSH imati mpweyawu ukafika magawo 1,200 pa miliyoni moyo uli kale pangozi. Kunsi kwa tinsanjato ankaupeza wochuluka kuposa pamenepo kambirimbiri, wokwanira kukomola munthu atangopuma kangapo. Mu 2001 asilikali a pamadzi a US Coast Guard analamula makampani kuti akonze maboti opangidwa motero, ndipo kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti kutulutsira utsi pamwamba pa denga kudzera m'chumuni yoimirira kumachepetsa kwambiri mpweyawu pamene pamakhala anthu. Phunziro limeneli likukhudza boti lililonse lokhala ndi kansanja kosambirira, pa Kariba kapena kwina kulikonse.

Utsi wotuluka bwinobwino uthanso kubwerera. Boti likamayenda pang'onopang'ono, kapena mphepo ikamaomba kuchokera kumbuyo, kuseri kwa nyumba ya boti kumachita kamvuluvulu amene amakokera utsi mkati. Matenti ndi malona otchingira dzuwa ndi mvula amausunga m'malo mouchotsa. Mu Juni 2016, pa Wroxham Broad kum'mawa kwa England, anthu awiri anamwalira m'boti lina pamene injini yake ya petulo inkalira boti litaima, utsi n'kulowa pansi pa lona la kumbuyo mpaka m'chipinda. Maboti awiri omangidwa moyandikana usiku amathiranso utsi m'mawindo a mnzake. Choncho potulukira ekizozi pasakhale pansi pa windo, pafupi ndi polowera mpweya, kapena pamene anthu amasambira ndi kukhala.

Poti mphuno siingathandize, alamu ya carbon monoxide ndi gawo la jenereta ngati momwe lilili lamba wake. Ku Britain, kuyambira pa 1 Epulo 2019, maboti okhala ndi zipinda oyenda m'mitsinje ndi m'ngalande zambiri salandira chiphaso cha chitetezo ngati alibe alamu yotere, ndipo muyezo woyenera m'boti ndi EN 50291-2. Alamu imafunika m'chipinda chilichonse chogona, cha kumutu kwa bedi kumene munthu amapumira, ndi ina pochezera. Imakalamba, ndipo tsiku lothera ntchito limalembedwa kumsana kwake. Pali kabatani koyesera kamene kayenera kudinidwa ulendo usanayambe. Mwa zonse zofunika pa ntchito yomanga jenereta, alamu ndiyo yotsika mtengo kwambiri, komanso ndiyo imene anthu amaizula batire ikawasokoneza tulo.

Malo oika jenereta akhale ouma, apansi ndithu ndiponso apakatikati, chifukwa makina a makilogalamu 100 kapena 200 oikidwa mbali imodzi amapendeketsa boti. Ikhale pamwamba pa madzi amene amadikha pansi pa boti, yomangidwa ndi mabawuti odutsa m'mitanda yolimba, osati zomangira zongoboola thabwa. Mwera ukakalipa pa nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira, boti limadumpha n'kumenyetsa pamafunde, ndipo chilichonse chomangidwa mwachibwana chimazuka. Pansi pa miyendo yake pamaikidwa malabala ochepetsa kunjenjemera ndi thireyi yolandira oyilo wodontha. Womanga aganizirenso za mawa: ndodo yoyezera oyilo, mafyuluta, lamba ndi pampu ya madzi zikhale pofikika ndi dzanja lonyamula sipanala. Jenereta yopanikizidwa pakona siisamalidwa, chifukwa palibe amene amafuna kugona chafufumimba m'chipinda chotentha kuti asinthe fyuluta. Mabowo onse a mawaya ndi mapaipi opita ku zipinda za anthu amatidwe. Injini imafunanso mpweya wopumira ndi wochotsa kutentha, choncho polowera ndi potulukira mpweya pasatsekedwe pofuna kuchepetsa phokoso. Phokoso lili ndi bokosi lake lopangidwira ntchitoyo.

Jenereta ya m'madzi imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo, ndipo zimenezi zikutanthauza kuboola boti kunsi. Pabowopo pamamangidwa valavu yolimba yokhala ndi chogwirira, imene munthu angaifikire mumdima n'kuitseka. Jenereta ikhale ndi bowo lakelake, isagawane ndi injini yaikulu, chifukwa pampu yamphamvu imalanda madzi a yofooka. Kukamwa kwa bowolo kukhale kosalala, kopanda kachipande koyang'ana kutsogolo. Kachipande kotere kamatunga madzi mwamphamvu boti likamathamanga n'kuwakankhira m'jenereta yozima mpaka kudzaza injini. Madzi akadutsa valavu amalowa mu sefa yokhala ndi chivundikiro choonekera mkati. M'madzi okhala ndi udzu, mapepala a pulasitiki kapena namasupuni, monga mu Shire ndi ku Malombe, sefa imeneyi imafuna kuyang'anidwa tsiku ndi tsiku. Kenako pali pampu yokhala ndi impeller, kagudumu ka labala ka mapiko ofewa. Kakazungulira kouma kwa kanthawi kochepa mapiko amapsa n'kuthothoka, tizidutswa take n'kukatseka njira za madzi kutsogolo. Paipi iliyonse ya kunsi kwa mlingo wa madzi a panja imangidwe ndi zomangira ziwiri za chitsulo chosachita dzimbiri.

Madzi aja akamaliza kuziziritsa injini amathiridwa m'paipi ya ekizozi kuti aziziritse utsi, ndipo zonse zimatulukira limodzi. Apa ndi pamene ntchito imafuna mmisiri weniweni. Utsi ndi madzi zimatsikira m'kamgolo kamene kamakhala pansi kuposa injini, mphamvu ya utsi n'kumakankha madziwo kukwera paipi yopindikira m'mwamba isanatsikire kunja. Kupindika kumeneko kumaletsa mafunde a kumbuyo kulowa. Koma madzi saiwala khwawa. Ngati jenereta yakhala kunsi kapena pafupi ndi mlingo wa madzi a panja, ikazima madzi amapitiriza kuyenda okha m'paipi, monga momwe petulo amayendera m'paipi yopopera kuchoka m'thanki kupita m'chigubu. Amadzaza kamgolo, n'kukwera mpaka m'masilinda, ndipo nthawi zina mpaka kumiza boti lili pa nangula. Mankhwala ake ndi kukweza paipi ya madzi masentimita osachepera 30 pamwamba pa mlingo wa madzi, ena amafuna oposa pamenepo, n'kuika pansonga pake kavalavu kolowetsa mpweya kamene kamadula kukokako. Kavalavu kameneka kamatsekeka ndi litsiro ndipo kamafuna kutsukidwa. Ngozi yofanana nayo imabwera jenereta ikamakana kulira munthu n'kumangoikakamiza: pampu imathira madzi koma palibe utsi wowakankha. Ikakana kangapo, valavu ya kunsi itsekedwe kaye, n'kuitsegula msangamsanga injini ikangogwira.

Njira ya mafuta ndi yosavuta koma siifuna chinyengo. Jenereta ikhale ndi paipi yakeyake yochokera m'thanki, yokhala ndi valavu yotsekera ndi fyuluta yolekanitsa madzi ndi dizilo. Kumene mafuta amafika pagombe m'zigubu ndi m'migolo, fyuluta imeneyi imagwira ntchito yaikulu. Amisiri odziwa amadula paipi ya jenereta kuti ikhale yofupikirapo m'thanki kuposa ya injini yaikulu. Motero jenereta ikachezera usiku wonse imayamba ndiyo kuzima, n'kusiya mafuta okwanira kubwerera kudoko.

Mawaya a m'boti si a m'nyumba. Waya wa kopa mmodzi wolimba, uja womangira nyumba, amathyoka ndi kunjenjemera. M'boti mumafunika waya wa timinyewa tambirimbiri, makamaka wokutidwa ndi tini kuti asachite dzimbiri, wolumikizidwa ndi zotsinira zoyenera, osati kupotokola n'kukulunga tepi. Pafupi ndi jenereta pakhale breaker yoteteza waya wonse wopita ku bolodi. Ngati boti limalandiranso magetsi a pagombe, pakhale changeover switch imene imadula kwina isanalumikize kwina, kuti magetsi a mbali ziwiri asakumane ndiponso kuti jenereta isatumize moto ku pulagi ya panja imene munthu angaigwire. Waya wa neutral ndi wa earth amalumikizidwa pamalo amodzi okha, pa gwero la magetsi limene likugwira ntchito nthawiyo. Pa bolodi pakhale RCD, chipangizo chimene chimadula magetsi chikangomva kuti ma milliamp 30 akuthawira kwina. Malamulo a ntchitoyi analembedwa mu muyezo wa ISO 13297 ndi wa E-11 wa bungwe la American Boat and Yacht Council, ndipo wamagetsi amene sanawaonepo ndi bwino awawerenge asanagwire waya. Jenereta ikhalenso ndi batire yakeyake yolizira, kuti mabatire ena akatha pakhale podzukira.

Chifukwa chimene RCD ilili yosakambirana chimaoneka bwino m'madzi opanda mchere. Magetsi akathawa m'boti kudzera m'chitsulo chokhudza madzi, amafunafuna njira yosavuta. M'nyanja yamchere madziwo amanyamula magetsi bwino kuposa thupi la munthu, choncho ambiri amamulambalala. M'madzi a nyanja ya Malawi, Kariba kapena mtsinje zinthu zimatembenuka: thupi, lokhala ndi mchere wake, ndilo njira yabwino. Magetsi ochepa, osakwana n'kuyatsa babu lakale, amaumitsa minofu ya wosambira, ndipo amamira osakuwa, osasiya bala lililonse. Anthu amangoti anatopa kapena minofu ya mwendo inamukokana. Wosambira akamva kunyerenyesa pakhungu abwerere kumene wachokera, asayandikire boti kapena makwerero ake achitsulo. Amene ali pamwamba azimitse jenereta n'kumuponyera choyandamitsa, asadumphiremo. Pa zifukwa ziwiri, utsi ndi magetsi, jenereta iyenera kukhala yozima nthawi iliyonse pamene munthu ali m'madzi pafupi ndi boti.

Za moto n'zachidule. Chozimira moto chikhale panja pa chipinda cha injini, ndipo pakhale kabowo kothirirapo popanda kutsegula chitseko, chifukwa kutsegula n'kuupatsa moto mpweya. Swichi yozimitsira jenereta ndi valavu ya mafuta zikhale pofikika munthu asanalowe m'chipindamo. Ngati palibiretu kuchitira mwina koma kajenereta konyamula, malo ake abwino ndi pagombe, kutali ndi boti ndiponso kumene mphepo ikupita, ndipo petulo athiridwe komweko katazima n'kuzizira.

Ntchito ikatha, jenereta imayesedwa masana, boti lili pa doko, mmisiri ali pomwepo. Ikangolira, diso loyamba lipite kunja kukaona ngati madzi akulavuka pa ekizozi. Ngati sakutuluka, izimitsidwe nthawi yomweyo. Kenako zipangizo ziyatsidwe chimodzichimodzi mpaka katundu yense, kwinaku akuyeza ma volt ndi Hz, kwa ola lathunthu, kuti chilichonse chofuna kudontha kapena kumasuka chitero anthu ali maso. Mwaye wakuda kapena mzere wa dzimbiri pa mfundo ya ekizozi ndi umboni wakuti utsi ukuthawira pamenepo. Chigongono chachitsulo pamene madzi amakumana ndi utsi chimadyeka mkati mosaoneka, ndipo chimafuna kumasulidwa n'kuyang'anidwa nthawi ndi nthawi. Oyilo woyamba amasinthidwa msanga, kawirikawiri pa maola 50, kenako motsatira buku la makinawo. Impeller imasinthidwa chaka ndi chaka ngakhale ikuoneka yabwino, ndipo ina yapadera ikhale m'bokosi la zida pamodzi ndi lamba ndi mafyuluta. Pozimitsa, katundu ayambe wachotsedwa, injini ipume mphindi zingapo, kenako izime.

Alamu ikalira, kaya ndi pakati pa usiku, jenereta ndi injini zonse zizimitsidwe, aliyense atuluke pamphepo, ana ndi ogona adzutsidwe n'kuwerengedwa, zitseko ndi mawindo zitsegulidwe. Amene akumva mutu, nseru kapena chizungulire apite naye kuchipatala ngakhale atayamba kupeza bwino, ndipo adokotala auzidwe kuti anali m'boti momwe munkalira jenereta, chifukwa chithandizo chake ndi mpweya wa oxygen, osati mankhwala a malungo. Jeneretayo isalizidwenso mpaka pothawira utsi patapezeka n'kukonzedwa.